Galimoto ya rimoti yasiya kukwecha pansi, koma yayamba kudumpha

Owerenga wina watumiza imelo. Ali ndi galimoto ya rimoti ya Tamiya TT-02, saizi ya 1/10, anaikamo mashoko a oyilo a mtundu wa CVA, opangidwa ndi kampani ya Tamiya yomweyo, ndipo amaithamangitsa pabwalo la phula loimikapo magalimoto. Chasisi, chimango cha pansi pa galimoto, imakwecha pansi, ndiye anadzaza masipesa onse, timphete tapulasitiki tolowetsa pa shoko, pamwamba pa masipuling'i "kuti alimbe". Kukwecha kunatha, koma pano galimoto ikungodumphadumpha, ndipo ikafika pakona imatembenuka n'kuyang'ana kumene yachokera. Funso lake ndi lakuti, kodi agule masipuling'i ena?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Vuto lagona pa mawu anu aja akuti "kuti alimbe". Sipesa, kapena kolala yopotokola pa mashoko ena, siilimbitsa sipuling'i. Kulimba kwa sipuling'i kumachokera ku kunenepa kwa waya wake, kuchuluka kwa mizere yake ndi kukula kwa mizereyo, ndipo zimenezi munthu sangazisinthe ndi zala. Ntchito ya sipesa ndi imodzi basi: kukweza kapena kutsitsa galimoto. Inu mwaikweza mpaka shoko yatambasuka kufika pothera. Tayala likakumana ndi kadzenje lilibenso potsikira, limangolendewera m'mwamba, ndipo tayala losagunda phula siligwira kanthu. Kutembenuka kwa pakona kukuchokera pamenepo.

Chotsani masipesa onse muyambirenso. Masulani mashoko anayi onse, mukweze mkono uliwonse wa tayala ndi chala n'kuusiya. Uzigwa wokha. Ukatsalira m'mwamba ndiye kuti pini yapindika, mwalowa mchenga, kapena sikuluwu ina mwaimanga mopitirira, ndipo muyezo uliwonse umene mungatenge musanakonze zimenezi ukunamizani. Kenako yezani mashoko ndi veniya (chida choyezera mamilimita molondola), opanda masipuling'i, otambasuka: lamanzere ndi lamanja afanane kutalika. Akasiyana ngakhale ndi theka la milimita, galimoto imakhota bwino mbali imodzi, mbali inayo n'kumakana.

Poyeza kutalika kwa mpata wa pakati pa chasisi ndi pansi, batire likhalemo, bodi muchotse, galimoto ikhale pagalasi kapena pathabwa losalala, osati pasimenti ya pakhonde. Idinikizeni kutsogolo ndi kumbuyo katatu, muisiye ibwerere yokha, ndipo muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukasintha kanthu. Ngati mulibe geji yoyezera mpatawu, ma Allen key amagwira ntchito yomweyo: wa 6 mm akagona chafulati amakhala 6 mm ndendende, ndiye mulowetseni pansi pa chasisi, kuseri kwa matayala akutsogolo komanso patsogolo pa akumbuyo, mbali zonse ziwiri. Akalowa mokhudza pang'ono, mwapeza muyezo.

Pabwalo la mpikisano losalala, magalimoto a mtundu uwu amayenda pa 5 mpaka 6 mm. Panu pali timiyala ndi ming'alu, choncho yambirani pa 7 kapena 8 mm, kumbuyo kukwere ndi theka la milimita kuposa kutsogolo. Onjezani masipesa opyapyala, ofanana kumanzere ndi kumanja. Mukafika pamenepo, gwirani chasisi pakati n'kuikweza pang'onopang'ono. Iyenera kukwera mamilimita awiri kapena atatu matayala asanachoke pansi. Akanyamuka nthawi yomweyo, mwabwerera ku vuto lakale. TT-02 imamangidwa mwa njira ziwiri, yotsika ndi yokwera, ndipo buku lake la malangizo limasonyeza zonsezi. Ngati bwalo lanu ndi lokumbikakumbika, mangani yokwerayo m'malo mokakamiza masipesa.

Tsono ngati kutalika kuli bwino koma chasisi ikumenyabe pansi mukamanga buleki kapena pakabampu, apo m'pamene tingakambe za kugula. Yambani ndi oyilo wa m'mashoko, chifukwa ndi wotchipa. Oyilo wa silikoni wa nambala 400 ndi poyambira pabwino. Wolimbirapo amachedwetsa kutitimira, koma akalimba kwambiri galimoto imanjenjemera pa timiyala. Pothira, yendetsani pisitoni pang'onopang'ono, mudikire thovu lonse lituluke musanatseke. Shoko ya mpweya mkati imalira ngati ikutafuna kanthu mukaifinya pafupi ndi khutu.

Masipuling'i a Tamiya a magalimoto a paphula amawasiyanitsa ndi mitundu: ofiira ndi ofewa, achikasu apakatikati, abuluu olimba. Mitunduyi ndi ya kampani imeneyi yokha, musaiyerekeze ndi ya makampani ena. Paphula lafumbi matayala sagwira kwambiri, ndiye zofewa zimathandiza. Kutsogolo kukafewa galimoto imakhota msanga, kumbuyo kukafewa imakhazikika. Poti yanu ikutaya kumbuyo, ikani achikasu kutsogolo ndi ofiira kumbuyo. Ikayamba kukana kukhota, kumangopita chamtsogolo, fananitsani onse anayi.

Muzisintha chinthu chimodzi, muyendetse batire limodzi lathunthu, mulembe m'kope zimene mwaona. Mukasintha sipuling'i yezaninso kutalika, chifukwa yofewa imatitimira kwambiri, ndipo masipesa a dzulo sangakupatseni 7 mm ya dzulo. Matayala nawonso akamadyeka galimoto imatsika yokha, choncho Allen key uja azikhala m'bokosi la zida.