Chitsulo chikamapulumuka m'manja msana usanatope

Mnyamata wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti akamakoka chitsulo kuchokera pansi, deadlift ija, chikafika makilogalamu 120 zala zimafumbatuka zokha pomwe msana ndi miyendo zikadali ndi mphamvu. Anagula malamba a m'manja, aja omangira dzanja ku chitsulo, koma akuluakulu a ku jimu kwawo akumuseka kuti ndi chinyengo, ati mwamuna weniweni amagwira ndi manja ake. Ndiye akufunsa ngati awataye.

Musawataye, achimwene. Imelo yanuyi yandikhudza kwambiri, chifukwa mawu amenewa anatithamangitsirapo mnzathu pamasewerawa.

Ife tinayambira kuseri kwa nyumba ina ku Ndirande. Chitsulo chathu chinali paipi ya madzi, uku ndi uku titathira simenti m'zitini za penti. Paipiyo inali yonenepa, yosalala, thukuta likangotuluka m'zikhatho basi yayamba kuterera. Tinkapaka phulusa m'manja kuti igwireko. Pagulu pathu panali bambo wina woumba njerwa. Manja ake ndimawakumbukira mpaka lero: zala zonenepa zosawongoka bwino, khungu la m'zikhatho lokhuthala, lachikasu, long'aluka m'mizere momwe munkalowa dothi. Akakupatsa moni unkamva mafupa akukhulana. Paipi ija ankaigwira osaiganizira n'komwe. Ndiye akaona wina wa ife akukulunga kansalu kudzanja ndi kupaipi ankaseka, n'kumati ngati manja akukana ndiye kuti chitsulocho si saizi yako, kachisiye.

Sindikuwanyoza bambo aja, anatiphunzitsa zambiri. Koma iwo anali atanyamula chikombole cha njerwa chodzadza dothi lonyowa kuyambira ali mwana. Ife tinali ana asukulu, manja ozolowera cholembera. Mnzanga wina, amene anali ndi miyendo yamphamvu kuposa tonsefe, anakhala miyezi ndi miyezi pa kulemera kumodzimodzi chifukwa cha zala basi. Tsiku lililonse kusekedwa. Mapeto ake anangosiya kubwera. Sanavulale, sanatope ndi zitsulo, anachita manyazi. Zimandiwawabe.

Nkhani yake ndi yosavuta. Minofu imene imafumbatitsa zala ili pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo ndi yaing'ono. Imene imadzutsa chitsulo pansi ndi ya m'matako, kumbuyo kwa ntchafu ndi kumsana, ikuluikulu ya thupi lonse. Yaing'ono ija imayamba kutopa ndiyo. Mukamasiya seti iliyonse, maulendo aja okoka motsatizana musanapume, pamene zala zagonja, msana ukupita kunyumba usanagwire ntchito imene munapitira ku jimu. Palinso china choipa kuposa pamenepo: chitsulo chikayamba kutsetsereka, maganizo onse amathamangira kuzala, munthu n'kuyamba kukoka mwaphuma msana utapindika. Kuvulala kumabwerera pamenepo.

Amene akukusekaniwo muwafunse za Eddie Hall wa ku Britain. Mu 2016 ku Leeds anakoka makilogalamu 500, munthu woyamba kutero, atamanga malamba m'manja. Mu 2020 Hafthor Bjornsson wa ku Iceland anakoka 501, nayenso ndi malamba. Kodi amenewa si amuna enieni? Pa mipikisano ya strongman, yofuna munthu wamphamvu kuposa onse, malamba amaloledwa kawirikawiri pa deadlift, chifukwa chimene akufuna kuona ndi mphamvu ya thupi lonse. Koma ndinene zonse. Pa mipikisano ya powerlifting ya IPF, bungwe la padziko lonse la masewerawo, ngakhalenso kunyamula zitsulo kwa ku Olympics, malamba a m'manja saloledwa. Ngati mumalota zodzapikisana kumeneko, chimene manja anu sangagwire sichidzawerengedwa. Komabe ngakhale akatswiri amenewo pokonzekera amamanga malamba masiku ena, kuti khungu la m'manja lipume pamene msana ukugwirabe ntchito.

Tsono pali gulu lina limene limandikwiyitsa chimodzimodzi. Anyamata amene akangolowa mu jimu amanga kale malamba, chitsulo chopanda kanthu cha makilogalamu 20 nachonso malamba, ma pull-up odzikoka m'mwamba pampiringidzo malamba, tizitsulo ta akatumba malamba. Ayi. Kumeneko ndi kuwalanda manja ntchito yawo, ndipo manja osagwira ntchito amafooka pamene thupi lonse likukula. Ine sindingagwirizane nazo ngakhale pang'ono.

Manja si nkhani ya ku jimu kokha. Bambo anga atakalamba, chimene chinawapweteka mtima kwambiri sichinali mawondo kapena maso. Linali tsiku limene khasu linawapulumuka ali m'munda. Anakhala pamzere n'kumayang'ana zikhatho zawo, akufumbata, kufumbatula, osayankhula. Kuchokera apo botolo ankatipatsa ife kuti titsekule. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa kafukufuku wa anthu pafupifupi 140,000 m'maiko 17, amene anapeza kuti anthu ofooka pofinya ndi dzanja anali pachiopsezo chachikulu chomwalira msanga, makamaka ndi matenda a mtima. Sizikutanthauza kuti kufinya kampira tsiku ndi tsiku kumatalikitsa moyo. Dzanja limangoulula mmene thupi lonse lilili. Koma ine chionereni nkhope ya bambo anga tsiku lija, sindiseweranso ndi mphamvu ya zala.

Za magolovesi ndinenepo, poti ambiri amaganiza kuti ndiwo mankhwala. Amanenepetsa chitsulo m'dzanja, ndipo chitsulo chonenepa n'chovuta kugwira. Cha ku jimu cha amuna chimakhala mamilimita 28 kapena 29 kunenepa kwake, cha amayi cha ku Olympics 25, ndipo kusiyana kwakung'onoko zala zimakumva. Chothandiza ndi choko chopaka m'manja, magnesium carbonate, chimene chimaumitsa thukuta. Si choko cha pabolodi kusukulu chija ayi. Kagwiridwe kotembenuza dzanja limodzi, lina kuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, kamathandizadi kuti chitsulo chisagubuduke, koma mkono wa chikhatho choyang'ana kutsogolo uzikhala wowongoka. Mukaupinda chitsulo chili cholemera, katumba amatha kuduka pachigongono. Palinso hook grip, pomwe chala chachikulu chimazungulira chitsulo kenako zala ziwiri n'kuchipanikiza pamwamba. Imawawa masabata oyamba, koma imagwira zolimba.

Ndiye muchite bwanji

Maseti onse otenthetsa thupi, ndi onse amene manja akukwanitsa, gwirani opanda malamba, zikhatho zonse zikuyang'ana kwa inu. Mangani pa maseti olemera omaliza okha, ndi pa zokoka za maulendo ambiri monga ma row, aja okokera chitsulo kumimba. Mukamaliza, patulani mphindi zochepa za manja kawiri kapena katatu pa sabata: dzutsani chitsulo ngati pa deadlift n'kuchigwira mutaimirira masekondi 10 mpaka 20, lendewerani pampiringidzo mpaka zala zitope, ndipo yendani ndi zolemera m'manja onse awiri. Zigubu ziwiri za madzi za malita 20 ndi makilogalamu 20 dzanja lililonse, simusowa kulipira jimu. Kulendewerako kukapepuka, kolekani thaulo pampiringidzo muzilendewera mutagwira thaulolo.

Malambawo musamange pa bench press, yokankha chitsulo mutagona chagada, kapena squat, yonjuta chitsulo chili pamapewa, alibe ntchito kumeneko. Musawayerekeze pa clean, kukoka chitsulo pansi n'kuchilandira pamapewa, pomwe chitsulo chimafunika kuchiponya msanga zikavuta, makamaka aja opindidwa ngati nambala 8 amene samasuka. Lamba azizungulira chitsulo kuchokera pansi, kenako mupotokole chitsulocho kuti amange bwino, ndipo zala zizifinyabe, osangolekerera kuti nsalu inyamule yokha. Anu akadzatha, lamba wakale wa karate wa pa kaunjika amatulutsa awiri abwino telala akasoka kolowetsa dzanja ndi ulusi wolimba. Wa mpando wa galimoto ndi wolimba koma amaterera.

Khungu lokhuthala la m'munsi mwa zala muzilikwecha ndi mwala mukamasamba. Likatukumuka kwambiri limakodwa pachitsulo n'kusendeka lonse, ndiye mumakhala sabata yathunthu osagwira kanthu.