Za pikapu ya "otomatiki 4x4" ija, onani kaye kabatani

Achimwene a ku Machinjiri, mwati wogulitsa wakuuzani kuti pikapu yake ndi otomatiki 4x4 imadzitchera yokha ikafika pamatope, ndiye mukufunsa ngati nzoona komanso ngati mungamangoyenda mu folo wilo, mateyala onse 4 akukoka, tsiku lililonse. Musapereke kaye ndalamazo. Mawu oti otomatikiwa ogulitsa athuwa amangowamata paliponse, nthawi zambiri amakhala akunena giyabokosi yoti simuponda klatchi basi, zomwe sizikukhudzana ndi folo wilo olo pang'ono. Pitani mukayang'ane kabatani kopotokola kali chapafupi ndi giya paja muwerenge zomwe analembapo.

Mukapeza 2H (mateyala akumbuyo okha akukoka), 4H (onse 4 akukoka) ndi 4L (folo ya giya yotsika) zokha, imeneyo siidzitchera yokha ayi, olo ikhale yatsopano yonunkhira mapulasitiki. Ma Hilux, ma D-Max ndi ma Ranger ambiri tikuwaona mu Limbe muja ali choncho. Chomwe chinasintha nchoti kale madala athu ankatsika kukaponda matope kukapotokola ma habu, timaloko ta pakati pa mateyala akutsogolo, kuchoka pa FREE kupita pa LOCK, pano ntchito imeneyo ikugwiridwa ndi kamota kamagetsi, a Toyota amati ADD, koma wolamula ndinube adalaiva. Ndiye mvetsetsani apa, mu 4H shafti yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangidwa pamodzi nganganga, zonse liwiro limodzi. Koma pakona mateyala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Padothi palibe vuto, teyala limangotererako pang'ono kusiyanako nkuthera pomwepo, koma patala palibe poterera ndiye zitsulo zimayamba kukanganirana mkati mwa transfer case, kabokosi kogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ine zinandionekera, ndikuchokera ku munda cha ku Mpemba nditaiwala kuchotsa 4H, pofika pa raundabauti ya Clock Tower chiwongolero gwaa, mateyala kwiii kwiii galimoto ikudumphadumpha ngati mbuzi yomangidwa miyendo, ma minibasi kumbuyo akungondiimbira mahutala. Kuchotsa folo yakana, mpaka ndinachita kubweza rivesi pang'ono ndi pomwe inamasuka.

Otomatiki yeniyeni ndi imene pakabatani pali 4A. Ija muli kaklatchi ka mapuleti ambirimbiri osambira mu oilo mkati mwa transfer case momwemo, ndipo amene amakafinya ndi kompyuta. Kompyutayo imawerenga ma sensa a ABS oyeza liwiro la teyala lililonse, imaonanso mmene mwapondera faya ndi mmene mwakhotetsera chiwongolero. Mukuyenda bwinobwino pa Masauko Chipembere pouma mphamvu pafupifupi yonse ikupita kumbuyo ngati 2H, koma akumbuyo akangoyamba kuzungulira msanga kuposa akutsogolo, imafinya mapuleti aja shafti yakutsogolo nkulandira gawo lake inu musanazindikire nkomwe kuti mumafuna kuterera. Zina sizidikira mpaka muterere, mukaponda faya mwamphamvu ponyamuka imafinyiratu. Ndipo pakona imamasula pang'ono mapuleti aziserereka, nchifukwa chake iyoyi patala ilibe vuto la kudumpha lija. Mudzaipeza pa Ranger yatsopano imene inayamba kutuluka mu 2022, makamaka ya V6 ndi Raptor, si yonse, komanso pa Amarok yatsopano ina poti imapangidwa pafakitale imodzi ndi Ranger ku Silverton, Pretoria. Triton ya Super Select ndi nkhani ina, ili ndi difu yapakati yolola mateyala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira liwiro losiyana, ndiye 4H yake mutha kuyenda nayo patala osaopa, yomanga nganganga ndi 4HLc. Mwaona kusokoneza kwake, 4H ya Triton ndi 4H ya Hilux dzina limodzi koma si chinthu chimodzi.

Kunena zoona 4A pomwe imakoma ndi misewu yathu yosakaniza ija, apa tala apa dothi lokokoloka ndi mvula lagona pamsewu apa mchenga, kapena nthawi ya chiperoni pomwe msewu wa ku Thyolo umakhala wonyowa tsiku lonse ndipo kumbuyo kwa pikapu kulibe katundu, kopepuka, kumangofuna kuvina. Koma musaitenge ngati mfiti. Mukalowa m'matope enieni ofika m'mawondo kapena mumchenga wa ku Chikwawa, kufinya ndi kumasula kosalekeza kuja kumatenthetsa kaklatchi mpaka kompyuta nkukuyatsirani chenjezo, pamenepo tcherani 4H musanalowe osati mutatitimira kale. 4L nayo palibe galimoto imakulowetserani yokha, mumaima, giya pa N, kenako nkupotokola. Imachepetsa liwiro pafupifupi kawiri ndi theka mphamvu yokoka nkuchuluka chimodzimodzi, ndi yokwerera zitunda za miyala ngati timisewu ta kumtunda kwa Bangwe ndi Soche mutanyamula njerwa, osati yothamangira. Komanso folo sikuti mateyala onse 4 akukoka mofanana, limodzi likalendewera m'malere mphamvu imathawira komweko, ndi pomwe kompyuta yoletsa kuterera, traction control, imalimanga buleki kapena inu mumatchera diff lock yakumbuyo, yomanga mateyala awiri akumbuyo kuti azizungulira pamodzi, ngati ilipo. Ndipo pomanga buleki folo siikuthandizani kalikonse, potsika Thabwa mvula ikugwa ndinu ofanana ndi wa Sienta.

China chomwe anthu amaphera nazo galimotozi ndi mateyala. Chizolowezi chathu chogula limodzi la kaunjika saizi ina kuphatikiza ndi atatu akutha, pa 4A ndi poizoni, kompyuta imaona ngati teyala lina likuterera nthawi zonse ndiye kaklatchi kamangogwira ntchito osapuma mpaka kupsa. Onse 4 akhale saizi imodzi, kutha kwake kofananako, mpweya wofanana. Ndipo ikakhala ya 4H wamba muziitcherako padothi mwezi uliwonse, buku la Toyota limati makilomita 16, kuti oilo azungulire ndipo kamota kaja kasachite dzimbiri.

Pokayesa musalole kungozungulira mutauni. Mupite nayo pamsewu wafumbi mutchere zonse chimodzichimodzi, kagetsi ka pa dashibodi kayenera kuphethira pang'ono kenako kuyaka nji, kakamangophethira osasiya ndiye kuti siinalowe, mudulitse mtengo kapena muisiye. Jambulani kabataniko muponye muno tikuuzeni kuti ndi mtundu uti.