Blockchain ingathandize makampani a foni kugawana nsanja, koma ili ndi pomwe imalekezera

Achimwene, mwafunsa ngati blockchain, kaundula wa pa makompyuta amene anthu ambiri amasunga limodzi, ingathandizedi makampani a foni kugwiritsa ntchito nsanja ndi zipangizo limodzi 6G, netiweki ya mafoni yodzabwera pambuyo pa 5G, ikamafika cha m'ma 2030. Ine ndikuti ingathandize ndithu, makamaka pa nkhani yowerengera ndi kulipirana.

Kugawana zipangizo sikunayambe lero. Ku UK, Vodafone ndi O2 anaphatikiza nsanja zawo mu 2012 pansi pa kampani yawo yotchedwa Cornerstone, ndipo mu 2019 China Telecom ndi China Unicom anagwirizana zomanga netiweki imodzi ya 5G. Pa 5G kugawana kumafunika kwambiri chifukwa mafunde ake apamwamba sapita patali, ngakhale khoma limawatchinga, ndiye pamafunika timaantena tambirimbiri. Aliyense kumanga zakezake n'kuwononga ndalama.

Mkangano umabuka pa kutha kwa mwezi. Tiyerekeze kuti anthu adzaza m'bwalo la mpira, netiweki ya kampani ina yalemedwa, ndiye yabwereka mpata kwa inzake kwa maola atatu. Wobwereka walemba m'kaundula wake, wobwereketsa walembanso m'mwake, manambala osagwirizana. Awa ndi opikisana pa malonda, palibe angavomere kuti kaundula wa mnzake ndiye wolondola. Blockchain ndi kaundula mmodzi amene aliyense amasunga kope lake, ndipo zikalembedwa palibe angazifufute mwamseri. Mukaikapo smart contract, pulogalamu yochita yokha zomwe munapangana, ija inatchuka ndi blockchain ya Ethereum kuyambira 2015, malipiro amawerengeka okha, chindapusa cha nsanja yomwe inazima kupitirira nthawi yomwe anapangana chimadulidwanso chokha.

Koma musaganize za blockchain ya mtundu wa Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija. Kumeneko tsamba latsopano la kaundula limatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, pomwe 5G pa ntchito zina imafuna kuyankha mu millisecond imodzi, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Mafoni ndi data sizingadutse mmenemo. Chofunika ndi blockchain yotsekeka ngati Hyperledger Fabric, yolowamo okhawo ovomerezeka, chifukwa palibe kampani ingafune kuti dziko lonse lione kuchuluka kwa makasitomala ake.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti blockchain siidziwa zomwe zachitika pansanja. Imangosunga zomwe yauzidwa. Makina oyeza akanama, bodzalo lisungidwa mpaka kalekale ngati zoona. Ndiye asanakambe za kaundula, makampaniwo ayambe agwirizana kuti woyeza ndani, amamuyendera ndani, ndiponso ngati bungwe la boma loyang'anira zamtokoma lidzaloledwe kukhala ndi kope lake.