Funsani Amisiri: Makanika wanga wodalirika akufuna kuchoka

FUNSO: Ndili ndi galaja ku Kalingalinga, anyamata asanu. Amene ankadziwa za magetsi a galimoto anachoka chaka chatha, makasitomala ambiri n'kumutsatira. Tsopano wa injini ndi magiyabokosi akuitanidwa ndi kampani ina ya mathiraki. Ndinamuwonjezera malipiro koma nkhope yake sinasinthe. Ndichitenji? Mwini galaja, Kalingalinga.

YANKHO: Bambo, yambani mwatsegula buku lanu la marisiti. M'magalaja ambiri muno mu Lusaka kasitomala amangouzidwa mtengo umodzi, "zonse pamodzi K2,500." M'ndalamayo muli sipeya, oyilo, phindu lanu ndi thukuta la makanika, koma palibe angaloze kuti la makanika ndi liti. Munthu amene ntchito yake sioneka papepala sakhulupirira kuti akulipidwa moyenera, ngakhale mumuwonjezere kangati. Galimoto iliyonse ikhale ndi jobu kadi: nambala yake, makilomita, dandaulo la mwini wake m'mawu ake omwe, dzina la amene wagwira ntchitoyo, masipeya pamzere wawo, leba, ndiye kuti mtengo wa ntchito ya makanika, pamzere wake.

Kenako muzilipiritsa kufufuza vuto, chifukwa m'pamene luso limabisala. Corolla yabwera nyali ya injini itayaka, makina a dayagonosisi aonetsa P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Wosadziwa amathamangira kugula oxygen sensor yatsopano, nyali n'kuyakanso patapita masiku ochepa. Wodziwa amayamba wapindapinda paipi ya labala yochokera ku air filter kupita ku injini kuti aone ngati ili ndi mng'alu, amatsuka sensa yoyeza mpweya, amayeza mphamvu ya fuel pump. Nthawi zambiri amapeza paipi yong'ambika, sipeya yotchipa. Ngati galaja imadyera pa masipeya okha, katswiri ameneyu amaoneka ngati sakubweretsa ndalama, wongosinthasintha zinthu uja n'kumaoneka wakhama. Ikani mtengo wa dayagonosisi pakhoma, kasitomala auone galimoto isanatsegulidwe.

Malipiro akhale a mbali ziwiri, ya pamwezi yokhazikika ndi gawo la leba ya magalimoto amene iye wakonza, mwachitsanzo K15 kapena K20 pa K100 iliyonse. Komishoni yokhayokha sitiilimbikitsa. Januwale anthu amathamangira mafizi a ana, galaja imakhala zii, ndipo wodalira komishoni amayamba kuthamangitsa ntchito, mabawuti ena osamanga. Tsiku lolandirira lisasunthe. Munthu ali ndi lendi, ali mu chilimba, mukachedwa sabata imodzi amapita kwa a kaloba, ndipo kuti abweze amayamba kuuza makasitomala anu kuti "mubwere kunyumba Lamlungu, ndikuchitirani motchipa." Makasitomala amene anatsatira wa magetsi uja mwina anayamba kupita kwawo iye asanachoke n'komwe.

Za lamulo musazione ngati zamakampani akuluakulu okha. Employment Code Act ya 2019 imati mgwirizano wa miyezi 6 kapena kuposerapo ukhale wolembedwa. Ku NAPSA, bungwe la penshoni, wantchito amapereka 5 peresenti ya malipiro ake, inunso 5. Ku NHIMA, inshuwalansi ya chipatala, ndi 1 peresenti aliyense. Mulembetsenso ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lolipira ovulala pantchito, poti m'galaja chala sichichedwa kuphwanyika. Kuyambira 2023, pamene NAPSA inalola kutapako 20 peresenti kwa amene wapereka miyezi 60 kapena wakwanitsa zaka 45, amakanika ambiri amafunsa ngati bwana akuperekadi ndalamazo. Mwina kampani ya mathiraki ija ikumulonjeza zimenezi, ndipo n'zimene zikumukoka kuposa malipiro enieniwo.

Zipangizo zikuluzikulu gulani ndinu: torque wrench yomangira mabawuti pa mlingo woyenera, masitandi anayi olimba, makina a dayagonosisi, multimeter. Bokosi la masipanala likhale lake, lokhala ndi loko. Katswiri amene amalowa pansi pa Hiace yoimikidwa pa jeke ndi njerwa amadziwa mtengo umene mwaika pa moyo wake.

Chomaliza sichifuna ndalama. Akapeza vuto, alifotokoze yekha kwa mwini galimoto. Ngati simukugwirizana naye mukambirane kuseri, osati kumutsutsa pamaso pa kasitomala ndi spana boyi. Malipiro a kampani ya mathiraki ija mwina simungafanane nawo, koma kwa inu amagona pakhomo pake tsiku lililonse ndipo anthu amamudziwa ndi dzina. Mukhale naye pansi sabata ino, mumuonetse marisiti a miyezi itatu yapitayi, muwerengere limodzi zimene akanalandira pa dongosolo latsopanoli.

FUNSO: Ndinasintha head gasket, yomata pakati pa head (mutu wa injini) ndi thupi la injini, pa Noah, patapita milungu iwiri galimoto inabwerera ikuwira. Abwana andidula theka la malipiro osandifunsa n'komwe. Kodi n'zololedwa? Makanika, Matero.

YANKHO: Achimwene, lamulo silola bwana kudula malipiro mmene wafunira. Ngati kukambirana kwakanika, pitani kwa a leba ku Ministry of Labour and Social Security mutatenga payslip kapena uthenga wa mobile money woonetsa zimene mumalandira mwezi ndi mwezi.

Koma musanafike kumeneko, funsani kuti injiniyo itsegulidwe nonse muli pomwepo. Gasket ikapsanso msanga, olakwa angakhale atatu. Mwina ndi inu, ngati simunatumize head kukayezedwa kuti aone ngati inapindika, kapena munamanga mabawuti mongoyerekeza ndi mkono, osatsata ndondomeko yoyambira pakati kupita kunja ndiponso mlingo wa m'buku, kapenanso munasiya mpweya m'mapaipi a madzi. Mwina ndi sipeya, ngati abwana kapena kasitomala anagula gasket yotchipa kapena anakana kugula mabawuti atsopano pa injini imene mabawuti ake amatamuka akamangidwa kamodzi. Mwinanso ndi chimene chinawiritsa injini poyamba pomwe: radiator yotsekeka, thermostat yokanirira, fani yosazungulira. Ngati munanena kuti radiator isinthidwe kasitomala n'kukana, munayenera kulemba pa jobu kadi iye n'kusaina. Popanda pepala limenelo mlandu umagwera amene anagwira sipanala.

Kwa eni magalaja: likakhaladi vuto la makanika, abwereze ntchitoyo popanda komishoni, malipiro a pamwezi musawakhudze. Wodulidwa theka amaphunzira chinthu chimodzi chokha, kukana ntchito zovuta.

FUNSO: Ma Aqua, ma Prius ndi ma Honda Fit a hybrid, oyendera petulo ndi batire, achuluka m'tauni, ife timangowabweza. Ndikufuna kutumiza mnyamata mmodzi kukaphunzira, koma ndikuopa kuti akadziwa athawa. Mayi mwini galaja, Chilenje.

YANKHO: Mayi, mutumizeni, koma mulembe kaye. Mgwirizano unene ndalama zimene mwalipira ndi nthawi imene adzagwire kwa inu akamaliza, tinene miyezi 24. Akachoka pakati abweze gawo lotsala lokha: wagwira miyezi 12, abweza theka. Papepala lomwelo pakhale malipiro atsopano amene adzalandire akabwera ndi satifiketi. Ambiri amaiwala mzere umenewu, ndiye amadabwa munthu akachoka. Sankhani sukulu yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo anyamata ena amene anaphunzirira pansi pa mtengo muwathandize kulemba trade test kuti luso lawo likhale ndi pepala.

Asanabwere, konzani malo. Batire ya Aqua ndi ya mavolti 144, ya Prius imaposa pang'ono 200, ndipo mawaya ake ndi a mtundu wa lalanje. Pafunika magolovesi a labala a Class 0, opirira mavolti 1,000, oyesedwa ngati sanaboole nthawi iliyonse asanavalidwe. Galimoto izimitsidwe, kiyi aikidwe kutali ndi galimotoyo, waya wa negativi wa batire yaing'ono achotsedwe, service plug, pulagi yodula magetsi a batire yaikulu, izulidwe n'kuikidwa m'thumba la amene akugwira ntchitoyo kuti wina asaibwezere. Adikire mphindi 10, ayeze ndi mita kuti magetsi atheradi, ndiye agwire. Ntchito zambiri za hybrid n'zosavuta: fani yoziziritsa batire imadzaza fumbi la m'misewu yathu, batire n'kumatentha, mwini galimoto n'kuuzidwa kuti agule ina pamene pankangofunika kutsuka.

Akabwera, mumupatse wachiwiri woti azigwira naye galimoto iliyonse ya hybrid, ndipo muzimulipirako pang'ono pa kuphunzitsako. Popanda malipiro amenewo amabisa luso, poopa kuti mukudzikonzera womulowa m'malo. Mugulenso oyilo wa giyabokosi wolembedwa m'buku la galimoto iliyonse, musunge m'zigubu zolembedwa dzina, chifukwa wa Fit si wa Aqua ndipo wa automatic wamba akathiridwa mu giyabokosi ya lamba yotchedwa CVT amaononga giyabokosi yonse.