Chosendera waya wa coax: yankho kwa m'bale wa ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Nchalo amene wangotenga kumene laisensi ya wailesi ya amateur (yoti anthu azilankhulirana paokha, osati ya malonda) ku MACRA. Ali ndi waya wa coax (wolumikiza wailesi ku eriyo) wa mtundu wa RG-58 ndi makonekita a kumapeto kwa wayayo a mtundu wa BNC ochita kufinya aja, ndipo mnzake woika madishi a TV wamubwereka kachipangizo kosendera waya. Akuti akasenda, konekita sikukhala bwino, ina yavuka kale kawiri. Akufunsa kuti agule chosendera chotani.

Achimwene, takulandirani m'banja la 7Q, chizindikiro choyambira mayina oitanirana a ife a wailesi za amateur ku Malawi. Ndimakondwa ndikamva kuti kuno ku Chigwa cha Shire wina wawonjezekera, chifukwa tonse tinaona nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 mmene zimakhalira misewu ikaduka ndipo mafoni akuvuta.

Kachipangizo ka mnzanuyo kabwezeni, si kanu. Anakapangira waya wa RG-6, wa ma ohm 75, wonenepa pafupifupi mamilimita 7. RG-58 wanuyo ndi wa ma ohm 50 ndipo ndi wowonda, mamilimita 5 basi, choncho amangogwedera mkatimo, mpeni kwina ukudula kwina ukungokanda. Komanso kali ndi mipeni iwiri yokha, poti konekita ya F ya dishi ilibe pini yakeyake, waya wapakati ndiye pini. BNC yofinya imafuna kudula patatu: khungu lakuda lakunja, ulusi wa kopa wolukidwa ngati mkeka uja, ndi pulasitiki yoyera yokuta waya wapakati, chilichonse pa utali wake.

Ndiye funani chosendera chozungulitsa ndi chala, cha mipeni itatu, cholembedwa RG-58, chokhala ndi timasikuluu tokwezera kapena kutsitsira mpeni uliwonse ndi Allen key. Timasikuluu timeneti ndiye nkhani yonse. Chopanda ito musachigule ngakhale chitatchipa bwanji. Utali wa podula muutenge pa pepala lobwera ndi makonekita anuwo, chifukwa opanga amasiyana miyeso.

Mukachipeza musathamangire waya weniweni. Dulani kachidutswa ngati theka la mita kophunzirira. Panani, zungulitsani katatu kapena kanayi, kokani, kenako tulukani panja powala muyang'anitsitse. Waya wapakati wa RG-58 kawirikawiri umakhala timawaya 19 topotedwa pamodzi. Mukaona tizidutswa ta kopa tagwera pa tebulo ngati gaga, kapena chikhadabo chanu chikukodwa pa kamzere kozungulira wayawo, mpeni walowa kwambiri. Bwezani sikuluu pang'ono chabe, dulani pomwe mwawonongapo, yesaninso. Ine ndimakonda mpeni uzisiya kakhungu kopyapyala koti ndimalize ndi kupotoza ndi zala. Kamzere kameneka ndimakaopa chifukwa kanandikwezapo pa mlongoti wa eriyo dzuwa lili paliwombo: waya unathyokera mkati mwa konekita chifukwa cha kugwedezeka ndi mphepo, kunja ukuoneka bwinobwino, ine n'kumaganiza kuti wailesi yafa.

Kutentha kwathu kuno nakonso kumalowererapo. Mu Okutobala kuno ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, ndipo waya wokhalitsa padzuwa khungu lake limafewa, m'malo moduka limangotamuka. Ndimasenda m'mawa, pamthunzi, waya utazizira m'nyumba usiku wonse.

Tsiku lina mudzafuna RG-213, wonenepa uja wa mamilimita 10.3. M'kachosendera kakang'ono salowa. Zake zazikulu zilipo, koma ngati muli ndi makonekita awiri kapena anayi okha oti muike, lezala yatsopano ndi rula zimakwana. Lembani khungu mopepuka mozungulira, pindani wayayo, khungu ling'ambika lokha osakhudza ulusi wa kopa.

Za konekita yovukayo, ndikukayika kuti ndi chosendera chokha chalakwa. Simunanene kuti mukufinya ndi chiyani. Ngati ndi pulayala wamba, vuto lina ndi limenelo. Kachubu kachitsulo kopana ulusi wa kopa kamafuna chofinyira chake cha mano a ngodya zisanu ndi imodzi. Pa RG-58 bowo lake limalembedwa .213, kutanthauza mamilimita 5.4, ndipo pini ya BNC kawirikawiri imalowa pa .068. Pa RG-213 ndi .429. Ndalama zikachepa, yambani mwagula chofinyirachi, kusenda muyambe mwachita ndi lezala.

Mukamaliza, musanalumikize ku eriyo, ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi kaja, pakati pa pini ndi thupi la konekita. Isalire, poti ikalira ndiye kuti pini ndi thupilo zakhudzana. Kaulusi kamodzi ka kopa kosochera ndi kokwanira kuti SWR, muyeso wosonyeza mphamvu yobwerera ku wailesi m'malo motuluka pa eriyo, ikwere mpaka kuwononga wailesi. Kenako kokani konekitayo ndi dzanja mwamphamvu ndithu. Ngati ingavuke, ivukire pansi pano. Yokhala panja muikulunge ndi tepi ya labala yodzimata yokha ija, chifukwa madzi amvula akalowa amayenda mu ulusi wa kopa ngati palafini mu chingwe cha nyali.

Mukamakwera ku Blantyre kukagula, tengani m'thumba kachidutswa ka waya wanu ndi konekita imodzi, mupemphe wogulitsa kuti muyesere pomwepo musanalipire. Mundilembere mukayatsa, tiyesane kulankhulana pa wailesi pa bandi ya 2 mita madzulo ena.