Ampulifaya ya mavalavu ikung'ung'uza: makapasita a fyuluta akhale pati?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Ngabu. Achimwene ena oyimba gitala mu bandi ya kutchalitchi apanga okha ampulifaya yaying'ono ya mavalavu potsata pulani ya Fender Champ 5F1: valavu ya 12AX7 yokulitsa mawu kutsogolo, 6V6 yokankha sipika, ndi 5Y3 yosandutsa AC kukhala DC. Ikugwira ntchito, koma kunsi kwa mawu a gitala kukumveka "huuu" wosatha. Alemba motere: "Makapasita atatu a fyuluta ndawaika pamodzi pafupi ndi thiransifoma, miyendo yawo ya negative ndaimanga pa bawuti imodzi pa chasisi. Waya wa centre tap ndaupanikiza pa bawuti ya thiransifoma. Ndigule makapasita akuluakulu kapena ndiwasunthe?" Makapasita a fyuluta ndi amene amasalaza magetsi otuluka mu 5Y3, chasisi ndi bokosi lachitsulo la ampulifaya, ndipo centre tap ndi waya wotuluka pakati pa koyilo ya thiransifoma.

Achimwene, ndalamayo ibwezereni kaye m'thumba. Vuto lanu ndikuliona pa malo amene miyendo ya negative yatera, osati pa kukula kwa makapasita.

Musanagwire chilichonse, dziwani kuti kapasita ya fyuluta imasunga magetsi opitirira 300V ngakhale mutazula pulagi. Ichotseni magetsiwo kudzera pa rezisita, osati ndi sikuludiraiva, kenako yezani ndi mita. Zala zilowe mkati mita ikaonetsa pansi pa 10V. Ine ndimakonda kusiya rezisita ya 220k ya 2W yolumikizidwa mpaka kalekale pakati pa miyendo iwiri ya kapasita yoyamba, kuti izikhetsa yokha ampulifaya ikazima. Ngakhale ilipo, kuyeza sikulekedwa.

Tsopano mvetserani phokosolo ndi khutu la woyimba. Magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz, ndipo akadutsa mu 5Y3 amatuluka akugunda ka 100 pa sekondi. Dinani chingwe chachikulu cha E pa fret yachitatu: G ameneyo ndi 98Hz. Ngati kung'ung'uzako kukufanana naye, ndi nkhani ya fyuluta ndi ground yake, kutanthauza njira imene magetsi amabwerera. Ngati kuli kwakuya kwambiri, ngati G wa pa fret yachitatu ya chingwe cha E cha bezi gitala, ndi 50Hz, ndipo mwina kukuchokera ku mawaya a heater, otenthetsa mavalavu. Pulani yakale ya Champ imabweza mbali imodzi ya heater kudzera pa chasisi. Musaitsate pamenepo. Potani mawaya awiri pamodzi, muike marezisita awiri a 100 ohms kuchoka pa waya uliwonse kupita ku ground.

Anthu ambiri akaona chizindikiro cha ground pa pulani amaganiza kuti ndi dzenje lomwe magetsi amagweramo n'kutha. Ayi ndithu, magetsi amabwerera kumene achokera, ndipo amadutsa njira imene mwawapatsa. Kapasita yoyamba ija, ya 16µF, siidzazidwa pang'onopang'ono. Imalandira magetsi mwa mikwingwirima yaifupi koma yamphamvu, yoposa kangapo magetsi amene ampulifaya yonse imadya. Mkwingwirima uliwonse umachoka mu thiransifoma, kudutsa 5Y3, kulowa pa positive, kutulukira pa negative, n'kubwerera ku centre tap. Momwe mwalumikizira inu, ulendo womalizawu ukudutsa m'chitsulo cha chasisi, kuchoka pa bawuti ina kupita pa inzake. Chitsulo chimenechonso ndi chomwe 12AX7 ikudalira ngati ziro yake. Kasinthidwe kakang'ono ka 1mV pamenepo sikachabe, chifukwa magawo awiri a valavu imeneyi pamodzi amakulitsa chilichonse chimene alandira ka mazanamazana, posasankha kuti ichi ndi gitala, ichi ndi zinyalala.

Pamtsinje otunga madzi akumwa amatunga kumtunda, ochapa amachapira kumunsi. Inu mwawaika pa dooko limodzi.

Choncho choyamba, masulani centre tap pa bawuti ya thiransifoma, muiwotcherere pa mwendo weniweni wa negative wa kapasita yoyamba. Osati pafupi nawo, osati pa waya wochokera pamenepo, koma pamwendo pomwepo. Kapasitayi ikhale pafupi ndi thiransifoma ndi soketi ya 5Y3, mawaya akhale aafupi ndi oyandikana, kuti bwalo la mikwingwirima lija lichepe. Kusintha kumeneku kokha nthawi zambiri kumachotsa gawo lalikulu la phokoso.

Kuchoka pa mwendo umenewo tulutsani waya umodzi wokhuthala wa kopa, uyende ngati msana wa ampulifaya kulowera ku jeki ya gitala, osakhudza chasisi m'njira. Pa msanawo zinthu zilumikizidwe motsatana ndi momwe magetsi a B+, a DC odyetsa mavalavu aja, akuyendera. Kapasita yachiwiri, ya 8µF imene ili kuseri kwa rezisita ya 10k, imadyetsa screen, chimodzi mwa ziwalo za mkati mwa 6V6, ndiye negative yake ikumane pamalo amodzi ndi rezisita ya 470 ohms ya pa cathode, chiwalo china cha valavu yomweyo, pamodzi ndi kakapasita kake ka 25µF. Yachitatu, ya 8µF kuseri kwa 22k, ndi ya 12AX7. Imeneyi ndiyo muisunthe ndithu, ichoke pagulu la anzake ipite kutsogolo. Negative yake itere pomwe patera marezisita a cathode a 1.5k, mwendo wa pansi wa volyumu ndi ground ya jeki. Musaope kuti waya wa positive watalika. Magetsi a pamenepo asefedwa kale, ndipo kapasita ikakhala pafupi ndi valavu yake imagwira bwino ntchito yake.

Msanawo ukhudze chasisi pamalo amodzi okha, pa jeki ya gitala. Ndikudziwa kuti a Fender m'zaka za m'ma 1950 ankawotcherera ground m'malo angapo ndipo maampulifaya awo akulirabe mpaka lero. Koma iwo anali ndi chasisi yawo ndi kayalidwe kawo, zoyesedwa kambirimbiri. Inu chitsulo chanu ndi china, mwina chopinda kwa owotcherera pamsika, ndipo mwayi wawo sungasamukire kwa inu. Mukapeza makapasita aja okhala angapo m'chitini chimodzi, dziwani kuti negative yawo ndi imodzi, ndiye simungawagawe chonchi. Gulani apaderapadera.

Za kukulitsa: 5Y3 siifuna kapasita yaikulu pakhomo pake. Mukachoka pa 16µF kufika 22µF palibe mlandu, koma 100µF yozula mu TV yakufa idzaumiriza valavu kutulutsa mikwingwirima yoposa mphamvu yake, ndipo 5Y3 ina simuipeza pa Dyeratu kapena pa Nchalo. Komanso Champ ili ndi valavu imodzi yokha yokankha sipika, choncho ilibe mwayi wa maampulifaya a push-pull amene mavalavu awiri amafafanizirana phokoso. Kakung'ung'uza pang'ono n'chibadwa chake. Ngati mwakonza ground koma kakukusowetsanibe mtendere, onjezerani gawo lina la fyuluta, choke (koyilo yosefa magetsi) kapena rezisita ndi kapasita ina, magetsi asanafike pa thiransifoma ya sipika. Zikatero centre tap ikhalebe pa kapasita yoyambirira kwenikweni.

Pali china chimene olemba mapulani a kunja sachiganizira: kutentha kwa kuchigwa kuno. Mu Okutobala ndi Novembala timapitirira 40°C pamthunzi, nanji m'tchalitchi cha malata masana. Makapasita amenewa ali ndi timadzi mkati, ndipo moyo wawo umadulidwa pafupifupi pakati kutentha kukakwera ndi 10°C. Asakhale pamwamba pa 6V6 kapena 5Y3, asagundane ndi rezisita ya 470 ohms ija, imatentha. Sankhani olembedwa 105°C m'malo mwa 85°C, ndipo ngati a 500V alipo, atengeni m'malo mwa 450V, chifukwa magetsi amakwera nthawi zina, makamaka pa jenereta. Amangeninso bwino ndi kalampu kapena zingwe za pulasitiki. Ampulifaya yoyenda pa kabaza m'misewu yathu ya fumbi, kapasita yolendewera pa miyendo yake siichedwa kuthyoka.

Ground yonse ndafotokozayi ndi ya mawu. Earth ya chitetezo ndi ina. Waya wobiriwira ndi wachikasu wochokera pa pulagi ya mano atatu ukhale ndi bawuti yakeyake pafupi ndi polowera chingwe, pachitsulo chopalidwa penti, ndi washala wa mano, ndipo pasamangidwepo china. Musauchotse pofuna kuthetsa phokoso, ngakhale wina atakuuzani kuti zimathandiza. Zingwe za gitala zimalumikizana ndi chasisi, ndiye china chikaduka mkati, waya umenewu ndi umene umaphulitsa fyuzi m'malo mwa kupatsira magetsi zala zanu. Mapulani ambiri akale alinso ndi kakapasita kochoka pa waya wa magetsi a pakhoma kupita pa chasisi. Kameneko musaike n'komwe. Ndipo pezani wamagetsi ayeze soketi ya kutchalitchiko ngati earth ilipodi, chifukwa bowo lachitatu limapezeka lopanda waya m'nyumba zambiri, ndipo jenereta yapaukwati kawirikawiri imangoikidwa pansi popanda ndodo ya earth.

Sinthani chinthu chimodzi, mumvetsere, kenako china. Yambani ndi centre tap. Mukamaliza, zulani gitala mutsitse volyumu mpaka pansi: phokoso likatha, likulowera pa gawo loyamba la 12AX7 kapena pa jeki, likatsala, lili kuseri kwa volyumu. Mundilembere zimene mwapeza, ndi chithunzi cha mkati mwa chasisi choonetsa bwino mawaya onse a ground.