Adokotala akuti mupume, koma foni ya kumudzi siikupuma

Pa maimelo a sabata ino pali imodzi yomwe yandikhala pamtima. Achemwali ena ogwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg kuno ku Joni akuti kukiliniki awapeza ndi dipuleshoni, matenda a maganizo, ayamba mapilisi, koma kumudzi akufuna fizi ya mwana wa achimwene awo, malata a nyumba ya mayi, ndipo azakhali akuti mapilisiwo ataye akapemphereredwe. Akufunsa kuti akane bwanji osaoneka ngati ayamba kudzimva.

Achemwali, njira imeneyi ine ndinadutsamo. Anandipeza ndi matenda omwewo mu 2023 ndikukhala ku Rosettenville, chipinda chogawana ndi anzanga, namondwe wa Freddy atangokokolola munda ndi khitchini kwathu ku Mulanje mu Malichi, ndiye tangoganizani mmene foni imalirira. Ndimadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda, kutsegula WhatsApp, uthenga wa amalume, wa alamu, wa mwana wa asuweni amene chibadwire sindinamuonepo, aliyense kuyamba ndi moni wautali uja wofunsa mpaka za nyengo ya kuno, iwe ukudziwiratu kumene ukulowera. Kenako mu Novembala kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, zinthu kukwera, masamu a kumudzi nkukhala akuti randi yakula ndiye iwe walemera. Za lendi, za magetsi ogula mayunitsi, za taxi ziwiri kupita ziwiri kubwera, palibe anafunsapo.

Nditawauza mayi kuti ndikumwa mankhwala a maganizo anakhala chete kaye, kenako anati mwanawe usauze anthu adzati wapenga. Sindiwada ayi. Kwathu ukangotchula matenda a m'mutu anthu amaona Zomba Mental basi, kapena munthu uja wotola mapepala pamsika, sadziwa kuti ku chipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe anthu amapita, kuonana ndi dokotala, kutenga mankhwala nkubwerera kuntchito kwawo. Koma nkhaniyo inatulukabe, ndipo pofika Lamlungu ndinali nditalodzedwa kale, wondilodzanso akudziwika, gogo ina yosalakwa yomwe tchimo lake linali kundipatsa mtedza popita ku basi. Amalume monga mwini mbumba anagamula kuti nditumize ndalama ya sing'anga. Wodwala ndine, wolipira kuti andikambirane ndinenso!

Nthawi imeneyo ndimati abale sadziwa, tiziwamvetsa. Pano ndimanena mosabisa, ena sadziwadi koma ena akudziwa bwinobwino, chomwe akuopa nchakuti mpopi utsekeka. Mudzawazindikira mosavuta, mukanena kuti sindikupeza bwino amayankha kuti pepani, Mulungu alipo, nanga za zija? Munthu wotere sakuyenera kudziwa dzina la matenda anu. Ubale wathu uja timaunyadira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, chabwino, koma nanga wa ku Joni si mwana wa munthu?

Ndipo ife a kuno tisamadziyeretse. Timajambulitsa ku Sandton City titatsamira galimoto ya eni ake nkuponya pa Facebook, Disembala kudzaza matumba ku Park Station, bulangete, njinga, sipika yaikulu, kufika kumudzi kugawa marandi pabwalo, osanena kuti Januwale yense tidya phala ndi ngongole. Ndiye akamationa ngati banki tikudabwa chani. China chomwe chimandinyansa, munthu akamwalira kuno magulu athu amasonkha msangamsanga kuti thupi lidutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza likagone kwawo, ndipo nzabwino zimenezo, koma munthu yemweyo ali moyo akanati anzanga sindikugona, sindikudya, ndikungolira, akanamuuza kuti limba mtima, wabwera kudzasaka kuno. Bokosi timalipeza, transipoti yopita kukiliniki ayi.

Za mapemphero, inenso ndimapemphera, kwaya ndimaimba. Koma wa BP kapena wa shuga palibe amamuuza kuti ataye mapilisi. Mankhwala a dipuleshoni ngati fluoxetine sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata angapo, kawirikawiri 4 mpaka 6 kuti uone kusintha kwenikweni, ndipo masiku oyamba ukhoza kumva nseru kapena kusowa tulo, apa ndi pomwe azakhali amati mwaona, akukupwetekani. Madokotala amalangiza kupitiriza miyezi 6 kapena kuposa ngakhale utayamba kupeza bwino, ndipo kusiya mwadzidzidzi kutha kubweretsa chizungulire ndi matenda kubwerera. Chikakuvutani bwererani kwa amene anakulemberani, osati kwa gulu la banja.

Tsono muchite chani

Sankhani munthu mmodzi kumudzi wosunga pakamwa, mumuuze zoona zonse. Enawo auzeni kuti mukudwala ndipo muli pa mankhwala, basi, ndi zoona zimenezo. Mukalandira, chotsani kaye lendi, chakudya ndi transipoti ya tsiku la kukiliniki, zotsalazo mudulepo ndalama imodzi yokhazikika, tsiku limodzi pamwezi, pa Mukuru kupita kwa mayi, agawe okha. Wina akaimba pakati pa mwezi, "ndatumiza kale kwa mayi, zina sinditha," ndipo musawonjezere chifukwa, chifukwa chilichonse mungapereke adzachipezera yankho. Fizi ya mwana bambo ake alipo. Malata adikire chaka chamawa, nyumba ya udzu sinayambe lero. Gulu la WhatsApp mulitseke mawu ikakwana 8 usiku.

Adzakwiya, ndikuuziretu. Amalume anga anatha nyengo yonse ya dzinja osandiyankhula, ndipo anauza anthu kuti Joni yandilowa m'mutu, zomwe mwa njira ina zinali zoonadi. Anadzayamba okha kuimba atafuna feteleza, ndinawapatsa theka.

Tsiku lina zikadzakulemerani mpaka kuganiza zodzipweteka, musadikire deti ya kukiliniki. Pitani kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo kapena imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, ndi yaulere, ndipo ngati Chingerezi chimakuthawani mukapanikizika itanani mnzanu akhale pambali panu poimbapo.